Usakhudze Chitsulo

"Wandiberanso," anatero Nyundo.

Anadzuka pa benchi n'kupukuta thukuta ndi m'mphepete mwa malaya, maso ali pa manja anga. Manjawo anali akadali pa chitsulo. Ndinali nditachinyamula kale n'kuchikoleka pa ngowe zake iye asanapemphe.

"Chinaima," ndinatero.

"Chinkayenda."

"Chinaima, Nyundo. Ndinachiona ndi maso angawa."

"Chinachedwa. Kuchedwa si kuima. Minibasi ikamalira pachitunda, umatsitsa anthu?"

Anyamata amene ankapuma pafupi ndi khomo anaseka, wina mpaka kutsamwa ndi madzi.

Kwa inu amene simunaloweko m'jimu, nkhani yake ili motere. Munthu akagona chagada pa benchi, n'kutsitsa chitsulo mpaka pachifuwa, n'kuchikankhiranso m'mwamba, imeneyo ndi repu imodzi. Marepu angapo otsatizana osapumira ndi seti. Amene amaima kumutu kwa wonyamulayo, kudikira kuti chitsulo chikamukanika achigwire, timamutcha sipota. Lamulo la sipota ndi limodzi lokha, ndipo achimwene anga analilemba pakhoma ndi penti yofiira: USAKHUDZE CHITSULO. Ukangochikhudza, ngakhale ndi kachala, repuyo si yakenso mwini wakeyo. Yafa.

Ine ndinali sipota wa Nyundo, ndipo ndinali mbala.

Jimu yathu ili kuseri kwa nyumba, m'chipinda chimene kale chinali galaja. Anaiyambitsa achimwene. Anamwaliranso momwemo, pa benchi yomweyo, m'mawa wina atalowa okha kukayesa makilo amene sanauze munthu. Kumutu kwawo kunalibe aliyense. Ine ndinali ku koleji. Ndinabwera kumaliro ndi kachikwama kamodzi, mabuku ndinawasiya pa bedi, ndipo mpaka lero akundidikirabe ngati mbewa sizinawamalize. Anyamata a m'jimu ananditcha Digiri, poti ndi chinthu chimene ndilibe.

Nyundo ndi mwana wa bambo owotcherera zitsulo amene anapanga benchiyo. Anakulira m'shopu mwawo, akunyamula mageti ndi mafelemu a mawindo, ndipo dzina limeneli analipeza komweko. Bambo ake atachoka kumaliro a achimwene analumbira kuti sadzawotchereranso benchi ina, ndi kuti mwana wawo akadzaponda m'jimu adzakhala kuti wadzipezera bambo wina. Ndiye Nyundo ankabwera masana pa nthawi yopuma, bambo akudziwa kuti wapita kukadya kwa azakhali ake. Analembetsa mwakachetechete mpikisano wa benchi umene unali kubwera m'tauni. Zimenezi tinkadziwa ndife a m'jimu basi.

Zina zimene zinali pakati pa iye ndi ine palibe amene anali atazitchula. Ine ndinkamudzazira botolo la madzi. Iye ankandisiyira theka.

* * *

"Mlongo, vuto si mphamvu zanu ayi," anatero Chifuwa kwa Nyundo, akudziyang'ana pagalasi. "Vuto ndi anamwino mwawaimika kumutuwo."

Chifuwa ndi mlonda pa hotela ina m'tauni. Kuchokera m'chiuno kupita m'mwamba ndi munthu woopsa. Kuchokera m'chiuno kutsika m'munsi ndi tambala. Tsiku la miyendo, pamene tonse timachita masikwati, kunjuta ndi kudzuka chitsulo chili pamapewa, iye bondo lake limadwala. N'chifukwa chake simudzamuona atavala kabudula.

"Bwerani ndikusipoteni ine, muone kusiyana kwake."

Ndinadikira kuti Nyundo amuyankhe monga amachitira, kumufunsa ngati miyendo waiiwala kunyumba. Sanatero. Anandiyang'ana kaye ine, kenako anagona pa benchi.

"Bwerani, achimwene," anatero kwa Chifuwa.

Chifuwa anandigunda ndi phewa podutsa, ngati mwangozi. Anamuthandiza kuchotsa chitsulo pa ngowe, kenako anapinda manja kumbuyo ngati ali pageti la hotela. Repu yoyamba inakwera bwino. Yotsatira inachedwa. Inayo inafika pakati n'kuyamba kunjenjemera, misempha ya m'khosi mwa Nyundo itatuluka, ndipo mapeto ake sindinawaone. Ndinatuluka panja. Ndinaima pampopi ndikusamba m'manja moyera kale, mpaka ndinamva chitsulo chikukhala pa ngowe, kenako mawu a Chifuwa.

"Mwaona? Zanu zonse zimenezo. Ine sindinagwire."

Pochoka, Nyundo sanandipatse botolo. Anadzaza yekha, ine ndili chiimire pambali pake ngati mtengo woyanikira zovala.

* * *

Madzulo ndinamulembera Nyundo uthenga pafoni. Ndinaufufuta, ndinalembanso womwewo.

"Wapeza sipota wabwino. Zabwino zonse."

Anayankha msanga. "Zikomo. Nawenso upeze wodwala woti uzimusamalira."

"Ndimaona momwe amakuyang'anira."

"Amayang'ana chitsulo. Nawe ukanayesako."

"Ndiye mwagwirizana?"

"Wandiitana kuti ndizikapangira ku jimu ya kuhotela. Akuti kuli mabenchi ochokera kunja."

"Upita?"

Foni inaonetsa kuti akulemba. Anasiya. Anayambanso. Kenako kunabwera mawu awiri okha: "Bambo akundiitana."

Ndinaika foni chafufumimba patebulo. Nanga mtsikana angafunenji kwa munthu amene anasiya sukulu kuti azilondera zitsulo za womwalira? Chifuwa nayenso ndi mlonda, inde, koma bola kumene amalondera kumagona anthu amoyo.

* * *

Amayi amasoka makatani m'shopu ina kumsika. Amachoka m'mawa, kubwera dzuwa litapendeka. Chichitikireni maliro sanapondemo m'jimu. Akamakayanika zovala amazungulira mbali ina ya nyumba, njira yaitali, kuti asadutse pakhomo pake.

"Ndinakumana ndi mnzako wa ku koleji," anatero m'mawa mwake, akuthira tiyi. "Wamtali uja. Akuti malo ako akadalipo."

"Ndamva, amayi."

"Wamva. Chaka chatha unamvanso."

Ndinapitiriza kutakasa shuga amene anali atasungunuka kale.

"Zitsulozo zinandidyera mwana mmodzi kamodzi n'kamodzi," anatero. "Winayu zikumudya pang'onopang'ono, ndikuona."

"Anthu amabwera, amayi. Amazifuna."

"Anthu." Anaika ketulo pansi. "Ndikakhala kuchipinda kwanga, chitsulo chikagwa kuseriko, mtima wanga umaima. Ndimatchera khutu kuti ndimve ngati wina aseke. Akaseka, m'pamene ndimapuma. Iwe umaganiza kuti wailesi ndimaitsegula chifukwa chokonda nyimbo?"

Zimenezo sindinkazidziwa. Tinkakhala nyumba imodzi, aliyense ndi maliro ake, ngati anthu a lendi.

Pageti tinakumana ndi Chifuwa akuchokera kuntchito. Anavula chipewa, nalandira chikwama cha amayi kuti awaperekeze pa siteji. Ulemu wa Chifuwa kwa amayi a anthu ndi wosasimbika. Ndinawaona akutsetsereka msewu, iye atawerama kuti amve bwino zimene ankanena, ndipo sindinaganize kanthu.

* * *

Nyundo anasiya kubwera. Benchi inkagonedwa ndi ena, ndipo enawo sindinkawabera kwambiri, poti mtima sunkandithawa momwe unkachitira ndi iye. Nditatopa ndi kuyang'ana khomo, ndinapita kukaima tsidya lina la msewu, moyang'anana ndi shopu ya bambo ake, pafupi ndi womata matayala. Ndinanamizira kufunsa mitengo ya machubu, njinga ndilibe.

Anatuluka magalasi akuda ali pachipumi, nadutsa ngati sakundidziwa. Ndinamutsatira mpaka kuseri, kumene amaunjika mageti odikira penti.

"Ukufuna bambo akuwotcherere pa geti la munthu?" anatero. "Ali mkatimo."

"Sunandiyankhe."

"Funso lake linali lopusa."

"Kuhotela unapita?"

"Ndinakaona. Kuli zoziziritsa mpweya, matawelo oyera. Chifuwa anandigulira juwisi, n'kundiuza kukula kwa mkono wake kawiri konse." Anavula magolovesi n'kuwapanira m'khwapa. "Digiri, ine sindikufuna Chifuwa. Koma iye akaima kumutu kwanga amakhala ali pamenepo. Iwe sukhalapo. Ndikayang'ana m'mwamba ndimaona nkhope yako, koma maso ako saona ine. Amaona achimwene ako."

"Usawatchule."

"Ndiwatchula. Unali wekha wowadziwa?"

Ndinafuna kuchoka. M'malo mwake ndinatsamira geti lina.

"Tsiku limene tinabweretsa benchi ija ndinali kamtsikana," anatero. "Ndinakwera kumbuyo kwa galimoto kuti ndiziigwirira. Titaitsitsa, achimwene ako anati ndiiyese ine poyamba, poti ndinathandiza kupala dzimbiri. Chitsulo chokha, chopanda mapuleti olemetsera aja m'mbali. Chinandikanika pakati, ndinayamba kulira. Ukudziwa anachita chiyani? Anaika manja pansi pake, osakhudza, n'kundifunsa kuti ndadya chiyani m'mawa."

"Unayankha?"

"Ndinapsa mtima. Ndinachikankha kuti ndidzuke ndiwatukwane. Chinakwera."

Ndinaseka, chifukwa amenewo anali iwo ndendende. Ankandichita zomwezo ine, kundifunsa za mayeso chitsulo chili pamphuno. Kusekako kunasanduka kulira, ndipo ndinatembenukira ku mageti. Nyundo sanandigwire. Anangoyandikira mpaka phewa lake linatsala pang'ono kukhudza langa, n'kudikira.

"Aliyense anandiuza kuti panalibe chimene ndikanachita," ndinatero nditapeza mawu. "Amalume, adokotala, onse. Mutu unamva. Manjawa ndi amene sanamve."

"Ndikudziwa. Koma pa mpikisano sipota akakhudza, woweruza amangoyatsa getsi lofiira, nkhani yatha. Safunsa ngati wakhudza chifukwa choti amakukonda."

"Wati chiyani?"

"Wamva. Si paja makutu ako ndi a ku koleji."

Mkati mwa shopu makina odulira zitsulo analira, nasiya. Nyundo anatsitsa mawu.

"Loweruka ndiyesa makilo amene sindinanyamulepo. Repu imodzi yokha. Chikandikanika ndinena ndekha kuti tenga. Ndisananene, manja ako akhale ako. Ukandiberanso, Lolemba ndili kuhotela, ndipo sindibwerera."

"Kwa Chifuwa."

"Kwa chitsulo. Chifuwa ndi wotsegula geti chabe."

"Nanga mpweya ukakuthera, osatha kulankhula?"

"Ndiye uona, si uzikhala ukundiyang'ana? Ine, osati iwo."

"Nyundo," anaitana bambo ake mkatimo. "Magolovesi aja wapita nawo kuti?"

Anandikankha pachifuwa ndi chala chimodzi, nathamangira mkati. Pamalaya panga panatsala kadontho ka mwaye. Sindinachape malayawo.

* * *

Loweruka ndinasesa jimu m'mawa, ndinapukuta benchi, ndinayesa ngowe zonse ngati zili zolimba. Chifuwa anabwera, anapanga maseti ake a mikono pagalasi, nafunsa ngati n'zoona kuti lero anamwino abwerera pantchito.

"N'zoona," ndinatero.

"Nthawi yanji?"

"Masana, monga mwa nthawi zonse."

"Ndi zabwino," anatero. Anatenga thumba lake n'kutuluka msanga, chinthu chimene sachita Loweruka.

Nyundo anafika tsitsi atalimanga kumbuyo, sanapereke moni wautali. Anatenthetsa thupi ndi chitsulo chopanda kanthu, kenako tinayamba kuwonjezera mapuleti pang'onopang'ono. Anyamata anasiya zawo n'kudzaima mozungulira. Titafika pa makilo aja, ndinalowetsa puleti yomaliza ndekha, ndinamanga zotsekera zake, ndipo ndinazindikira kuti inali imodzi mwa mapuleti akale, a penti yofiira yomwe ija ya pakhoma.

Nyundo anapaka choko m'manja kuti chitsulo chisaterereke. Anagona, nakhazika mapazi pansi, nafinya mapewa pa benchi. Ndinaima kumutu kwake. Kuchokera pamenepo nkhope ya munthu imaoneka mozondoka, ndipo ndi mmene ndinaizolowerera yake: chibwano kumwamba, kachipsera ka moto wowotcherera pansi pa diso.

"Uli pano?" anafunsa.

"Ndili pano."

Tinachotsa chitsulo pa ngowe limodzi. Ndinachiperekeza mpaka pamwamba pa chifuwa chake, kenako ndinatsegula zala. Palibe chinthu cholemera chimene ndinanyamulapo m'chipinda chimenecho choposa kutsegula zala kumeneko.

Chinatsika bwino. Chinakhudza malaya, chinanyamuka, chinakwera pang'ono, kenako chinafika pamalo paja pamene chimakonda kukambirana ndi munthu. Chinaima. Ndikunena zoona, kwa ine chinaima. Chigongono chake chakumanzere chinayamba kunjenjemera. Manja anga anali atafika kale pansi pa chitsulo, otambasula, mpata wake wongokwana pepala. M'makutu mwanga munali phokoso, ndipo chipinda chinayamba kusanduka cha m'mawa uja umene sindinauone koma ndimaudziwa kuposa masiku amene ndinawaona.

Ndinayang'ana kachipsera kaja. Ndinayang'ana maso ake. Sanali maso a munthu amene akumira. Anali maso a munthu amene wakwiya.

"Wadya chiyani m'mawa?" ndinamva pakamwa panga pakufunsa.

Anatulutsa mawu amene sindingawalembe pano. Chitsulo chinasuntha. Chinakwera ngati nkhalamba pa masitepe, mbali imodzi patsogolo, inayo ikutsatira, mpaka zigongono zinawongoka.

"Koleka," anatero ndi mpweya wotsala, ndipo m'pamene ndinagwira.

Anyamata anakuwa, wina akumenya chitseko cha kabati. Nyundo anakhala tsonga, akupuma ngati wathamangitsidwa ndi galu, akuseka. Anagwira dzanja langa, nalitembenuza, naliyang'ana m'kati. Linalibe choko ngakhale pang'ono. Analiika patsaya lake, pamaso pa anthu onse, n'kulisiya pamenepo.

"Yanga," anatero. "Yonse."

"Yako."

Phokoso la anyamata linazima mwadzidzidzi, ngati magetsi athima. Ndinatembenuka.

Pakhomo panali amayi. Phazi limodzi linali mkati mwa chipinda chimene analumbira kuti sadzalowamo. Chikwama chawo chinali pansi, ulusi utamwazika pa simenti. Kumbuyo kwawo kunali Chifuwa, chipewa chili m'manja, akuyang'ana kudenga.

"Amayi," ndinatero.

"Unangoima." Mawu awo anali otsika, osalala. "Ndakuona. Mwana wa eni ake chitsulo chili pakhosi, pa benchi yomweyo, iwe unangoima manja ali chitambasulire."

"Ndi mmene zimakhalira, amayi. Ndikanakhudza..."

"Ndi mmene zimakhalira," anabwereza. Anayang'ana pakhoma, pa zilembo zofiira za mwana wawo, ndipo anaziwerenga koyamba, milomo ikuyenda. Atamaliza anatembenukira kwa Nyundo, amene anali ataimirira n'kupinda manja mwaulemu, choko chikugwera pa siketi ya masewero.

"Nkhope iyi ndikuidziwa. Si iwe unkatithandiza kutsuka mbale pamaliro? Mwana wa owotcherera?"

"Ndine, amayi."

"Bambo ako analira kuposa achibale tsiku lija. Anandigwadira pakhonde kupepesa chifukwa cha benchi imeneyi, ine n'kumawauza kuti adzuke, si mlandu wawo. Akudziwa kuti uli kuno?"

Nyundo anayang'ana pansi.

Amayi anawerama, natola chikwama, natulutsamo foni. Nambala anali nayo, poti bambo aja ndi amene anatikonzera geti.

"Amayi, chonde, tiyeni tikambirane kaye m'nyumba," ndinatero.

Anakweza dzanja kuti ndikhale chete. Foni inaitana, ndipo anaiika poti tonse timve. Kumbali inayo makina analira, nasiya.

"Mayi, mwaswera bwanji? Geti lavutanso?"

"Geti lili bwino, bambo. Ndimati mubwere ndi galimoto. Kuno kuli zinthu zanu ziwiri zoti mudzatenge. Benchi, ndi mwana."

Kenako bambo aja anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu wofuna kukonza cholakwika mwaulemu.

"Mwina mwasokoneza, mayi. Mwana wanga ali kwa azakhali ake, akudya."

Amayi anayenda mpaka pakati pa chipinda, anadutsa benchi osaiyang'ana, natambasulira foni kwa Nyundo.

"Auze wekha," anatero.